Udzu Wautali Sudzaza Chigubu

Amayi anzanga, kodi ndani mwa inu angathyole therere lokhwima n'kuwaphikira bambo a kunyumba? Palibe, pakuti tonse tidziwa kuti ndiwo zimakoma zikali zanthete. Komatu ine, amene ndimatsogolera gulu la amayi kuno ku Thyolo, ndinatha chaka chathunthu ndikudyetsa ng'ombe yanga ya mkaka udzu wokhwima.

Ng'ombeyo ndinailandira ku gulu, pa pangano lakuti ikabereka mwana wamkazi ndipatsire mnzanga. Ndinabzala nsenjere kumunsi kwa munda, ndipo ndinkanyada poiona itatalika kuposa denga la nyumba. Mumtima ndinkati udzu wambiri ndiwo mkaka wambiri. Koma mkaka unatsika mpaka theka, pamene fizi ya mwana wanga wa ku sekondale inkachokera m'chigubu chomwecho. Bambo anayamba kunena zoibweza ng'ombeyo. Taganizani manyazi ake, mtsogoleri kulephera pamaso pa amayi amene amawalangiza!

Safunsa anadya phula, choncho ndinaitana alangizi a ziweto. Atafika anayamba ndi kuyang'ana modyera, mmene munali mapesi okhaokha. Anandifotokozera kuti nsenjere ikakula kwambiri, tsinde limalimba ngati bango ndipo zakudya zomanga thupi, zimene ng'ombe imapangira mkaka, zimachepa. Udzu wotere umachedwa kugayika m'mimba, motero ng'ombe imaoneka yokhuta koma bere lili lofota.

Tsono imvani zimene ndinaphunzira. Dulani nsenjere ikafika m'chiuno, ngati mita imodzi. M'dzinja imafika pamenepa patapita masabata 6 mpaka 8 chiidulireni. Musaidule ili yaing'ono kwambiri, chifukwa imakhala madzi okhaokha ndipo zitsa zimafooka. Siyani chitsa chotalika ngati chikhatho kuti iphukenso, ndipo udzuwo muuduledule tizidutswa musanaike modyera. Munda muugawe m'zigawo, kuti pamene mukudula uku, kwinaku ukhale ukukula.

Chachiwiri, nsenjere imadya kwambiri chonde cha m'nthaka. Mukangodula, tengani ndowe ndi mkodzo wa m'khola, thirani m'ngalande pakati pa mizere ndi kukwirira, pakuti mphamvu yake imauluka ikakhala padzuwa. Ngati mwapeza feteleza wa urea kapena CAN, thirani nthaka ili yonyowa. Koma musadyetse ng'ombe udzu wanthete wongothiridwa kumene feteleza wambiri, chifukwa ungathe kuidwalitsa.

Amene muli ndi udzu wa Rhodes, dulani ukangoyamba kuchita maluwa, muuumitse ndi kuusunga pamthunzi kuti udzakuthandizeni m'chilimwe.

Ine nditatsata zimenezi mkaka unabwerera pang'onopang'ono. Mwana sanachotsedwe sukulu, ndipo mnzanga uja analandira ng'ombe yake. Mawa m'mawa, mayi, kaimeni pafupi ndi nsenjere yanu. Ngati yakupitirirani kutalika, tengani chikwakwa tsiku lomwelo.