Ndinanamizira mwana, pomwe vuto ndinabwera nalo ndekha

Pasukulu yathu ya CDSS tili ndi kompyuta imodzi yokha yogwira ntchito, ndipo amene ndimaisamala ndine, ngakhale dipuloma yanga ndi ya masamu. Ndi Dell yakale yapadesiki, ya Windows 10, ndipo RAM yake inali ya 4GB. Potsegula Word unkatha kupita kukamwa madzi, n'kubwerera isanamalize. Mayeso okonzekera a Folomu 4 atayandikira, ndinapempha ahedi ndalama pang'ono kuti ndikagule RAM ina. Ananyinyirika, koma anandipatsa.

Ndinakwera minibasi mpaka ku Lilongwe, ndipo pakasitolo kena ndinapeza DDR3 ya 4GB yogwiritsidwapo kale ntchito. Lisiti sindinapemphe. Nditaiika, kompyuta inaonetsa 8GB ndipo inayamba kuthamanga. Tsiku limenelo ndinayenda mapewa ali m'mwamba.

Sabata isanathe, sikirini inasanduka ya buluu ndili pakati potayipa pepala la masamu, ndipo pansi pake panalembedwa MEMORY_MANAGEMENT. Ndinayatsanso, n'kupitiriza. Mawa lake zinachitikanso kawiri. Kenako fayilo ya Excel yomwe munali malikisi a Folomu 4 a teremu yonse inakana kutseguka.

Apa ndi pomwe ndinalakwa. Dzulo lake ndinali nditalola mtsikana wina wa Folomu 3 kulowetsa fulashi ya mlongo wake kuti akopere mapepala akale a MSCE. Ndinamuitanitsa m'kalasi, n'kumukalipira pamaso pa anzake kuti wabweretsa vayirasi ndipo waononga katundu wa sukulu. Iye anangoti, "Sala, ine ndinangokopera mapepala basi." Sindinamumvere. Ndinamuletsa kulowanso m'chipinda cha kompyuta.

Pulogalamu yofufuza mavayirasi sinapeze kanthu. Ndinati mwina vayirasiyo ndi yochenjera, choncho ndinafufuta zonse kuti ndiike Windows yatsopano. Nayonso inaima pakatikati, ikunena kuti mafayilo ena ndi oonongeka. Ndinayesanso, inaima pamalo ena. Pamenepo mtima unayamba kundigunda, chifukwa vayirasi ya mwana uja sikanakhalabe pa disiki yomwe ndaifufuta ndekha.

Usiku ndinaimbira mnzanga amene tinaphunzira limodzi ku Domasi. Anandifunsa funso limodzi: "Achimwene, kompyutayo isanayambe misalayi, mwasinthamo chiyani?" Ndinakhala chete.

Kwa amene simudziwa, RAM ili ngati bolodi ya m'kalasi. Chilichonse chomwe kompyuta ikugwirapo ntchito imayamba yachilemba pamenepo, ndipo mukazimitsa chimafufutika. Disiki ndiye kabati yosungiramo mabuku. Ngati bolodi ili ndi malo ogumuka pomwe choko sichigwira, 7 akhoza kuoneka ngati 1, ndipo ana akopera 1 yemweyo m'makope awo. N'chifukwa chake RAM yoonongeka imaipitsa ngakhale mafayilo omwe asungidwa pa disiki. Choipa china n'chakuti sidwala nthawi zonse: kompyuta ikapanda kulemba pamalo ogumukawo, tsiku limatha bwinobwino, inu n'kumati yachira.

Windows ili ndi choyezera chake. Mukadina batani la Windows pamodzi ndi R, n'kulemba mdsched.exe, kompyuta imazima n'kuyakanso, kenako imayeza RAM. Koma yanga inalibenso Windows, choncho mnzangayo anandiuza za Memtest86+, pulogalamu yaulere yomwe imaikidwa pa fulashi ndipo imadziyendera yokha. Ndinakwera kabaza kupita kutawuni yathu yaing'ono komwe kuli netiweki yabwinoko kukaitenga.

Ndinayeza Loweruka kutawala dzuwa, popeza magetsi athu ndi a sola ndipo kuyezaku kumadya maola. RAM zonse ziwiri zili mkati, mizere yofiira inayamba kutuluka mphindi khumi zisanakwane. Komabe zimenezi sizinandiuze wolakwa. Akanatha kukhala RAM yakale, yatsopano, kapena kamphako komwe RAM imalowamo pa mathabodi. Ndinazimitsa, n'kuzula chingwe cha magetsi, n'kugwira chitsulo cha bokosilo kaye kuti magetsi a m'thupi mwanga asaononge kanthu. Ndinasiya yakale yokha pakamphako koyamba: inadutsa maulendo anayi popanda cholakwa. Ndinaisamutsira kwachiwiri: chimodzimodzi. Ndiye kuti mathabodi inalibe mlandu, ndipo ndinapumira m'mwamba, chifukwa imeneyo sitikanakwanitsa kugula.

Yatsopano ija ndinaipatsa mwayi. Ndinapukuta timano take tagolide ndi labala wa pensulo, ndinauzira fumbi m'timphako, ndinaikanikiza mpaka tizogwirira ta m'mbali titatseka. Nthawi zina vuto limakhala lokhalo, RAM yosakhazikika bwino kapena yadothi, makamaka kuno komwe fumbi la Okutobala limalowa paliponse. Koma ayi. Koyamba mizere yofiira, kwachiwiri mizere yofiira. Dzuwa linalowa ndikudziwa wolakwa.

Wogulitsa uja atamva nkhaniyi pafoni anafunsa za lisiti, ndipo zokambirana zinathera pomwepo. Ahedi ndinawauza zoona zonse. Sanakalipe, anangoti, "Aphunzitsi, ndalama ija ndi ya makolo." Mwezi utatha ndinabweza kuchokera pamalipiro anga. Malikisi ndinawalowetsanso limodzilimodzi kuchokera m'buku lamanja, mausiku atatu, ndipo ndinathokoza kuti sitinasiye kulemba papepala.

Chovuta kwambiri chinali cha Lolemba. Aphunzitsi sitizolowera kupepesa ana, ndipo mnzanga wina mu sitafu anandilangiza kuti ndingomulola mtsikanayo kubwerera mwakachetechete, nkhani izizirala yokha. Koma ndinamunyoza pagulu. Ndinalowa m'kalasi ya Folomu 3 ndi RAM ija m'manja, ndinaikweza kuti onse aione, n'kunena kuti mnzawo sanalakwe, amene anaononga kompyuta ndine. Ena anaseka. Iye sanaseke, anangoyang'ana pansi.

Anadzabweranso m'chipinda cha kompyuta patatha sabata ziwiri. Anaima pakhomo ndi fulashi yake, n'kufunsa kuti, "Sala, ndilowetse kapena muyambe mwaiyeza?" Kompyutayo inali itabwerera pa 4GB yake, ndipo tonse awiri tinadikira Word kuti itseguke.