Kuwoloka Zambezi Kawiri: Ulendo Wathu wa ku Chingodzi

Pa 24 Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana analowa m'dziko lathu kudzera ku gombe la chigawo cha Nampula, ndipo mvula yake inafika mpaka kuno ku Tete. Ife a ku Angonia tinangoona mizere ikukokoloka m'minda ndi timitsinje tikusefukira. Koma madzi ogwa pa mapiri athu sagona pompano. Amasonkhana mu mtsinje wa Revubwe, natsikira kuchigwa, kumene amakathira m'Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Chotero mvula imene kwa ife inali matope pakhomo, kwa abale athu a ku Chingodzi inali chigumula m'nyumba. Patapita masiku ochepa tinalandira lamya yotiuza kuti mabanja ambiri a mpingo wa kumeneko akugona m'sukulu, ufa ndi zofunda zitapita ndi madzi, ndiponso kuti mlatho wa pa Revubwe, wolumikiza Moatize ndi Tete, waduka.

Akulu a mpingo atakumana, maganizo anagawanika. Januwale ndi mwezi wa njala: nkhokwe zimakhala zitatsika, chimanga cham'munda chisanakhwime, ndipo palibe amene anadziwa ngati mvula yotereyi idzatisiyira zokolola. Ena anati tidikire mpaka Epulo. Enanso anafunsa kuti katunduyo tikamuwolotsa bwanji popeza mlatho palibe. Mafunso onsewa anali anzeru, ndipo ifenso tinalibe yankho.

Pamenepo mkulu wina wachikulire anaimirira nati: "Abusa, ine ndinathawa nkhondo ndi ana anayi, chofunda chimodzi. Anthu a ku Dedza amene anatipatsa nsima usiku woyamba sanayambe ayeza nkhokwe zawo. Tinabwerera kuno mtendere utasainidwa mu 1992, tili amoyo chifukwa cha mbale za eni. Lero tidikire Epulo? Njala ya munthu sidikira Epulo." Atakhala pansi, nkhani inathera pomwepo. Kupatsa n'kuika, ndipo tonse tinazindikira kuti tinali ndi ngongole yakale.

Pa Sabata lotsatira amayi a Chigwirizano anayala mikeka kunja kwa tchalitchi. Kunabwera ufa, nyemba, mbatata ya kachewere, mchere, sopo ndi zitenje. Mayi wina wamasiye anabwera ndi beseni la nyemba zimene tonse tinadziwa kuti zinali ndiwo zake za mwezi wonse. Titafuna kumubwezera theka, anakana nati: "Abusa, musandichititse manyazi pamaso pa Mulungu." Tinalandira, koma usiku umenewo tulo tinatisowa, pakuti katundu amene tinati tinyamule sanalinso wa anthu olemera, koma wa anthu amene anadzimana.

Tinanyamuka pa Ulongwe m'bandakucha, anthu asanu pa kalole kakang'ono kobwereka, matumba titawafunditsa lona. Ndalama ya mafuta inali yongokwanira kupita ndi kubwera, popanda yapadera. Phiri la Domwe linali litabisala m'nkhungu, ndipo tinali titavala majekete chifukwa cha chisanu. Kuchokera pa Ulongwe kukafika ku Tete ndi makilomita oposa 200, ndipo msewu umatsika pang'onopang'ono kuchoka kumapiri kupita kuchigwa. Pa Mussacama, pamene msewu wathu umakumana ndi wochokera ku Zobwe, tinavula majekete. Minda yobiriwira ya kwathu inatsala kumbuyo. M'malo mwake kunayamba milambe, mitengo ya masawu, mbuzi m'mbali mwa msewu, ndi kutentha kwa kuchigwa. Aliyense amene tinamufunsa za njira anatiuza zosiyana ndi za mnzake. Tinangopitirira.

Titadutsa Moatize, dera la migodi ya malasha, tinafika pa Revubwe dzuwa lili pamutu. Msewu unathera m'malere. Pansi pake madzi ofiira anali kuthamanga atanyamula zitsa ndi mapesi. Chingodzi inali kuoneka tsidya lija, pafupi zedi, moti munthu akanatha kuwerenga madenga a nyumba. M'mbali mwa mtsinje munali anyamata okhala ndi mabwato, okonzeka kuwolotsa anthu ndi katundu.

Apa tiyenera kuulula kuti ife abusa ndife amene tinafulumira. Mumtima tinali kale ndi Yoswa 3, pamene ansembe onyamula likasa la chipangano anaponda m'Yordano mtsinjewo utasefukira, ndipo madzi anaima. Tinauza anzathu kuti chikhulupiriro ndicho kuponda m'madzi. Koma mkulu uja, amene anaumirira kuti atiperekeze, anayang'ana mabwatowo nthawi yaitali, kenaka nati modekha: "Abusa, ansembe aja anauzidwa ndi Yehova kuti aponde. Nanga ife watiuza ndani? Nyemba za mayi uja si zathu kuti tiziyesere nazo Mulungu." Mawuwo anatilasa, pakuti tinakumbukira kuti Ambuye wathu yemwe anakana kudzigwetsa kuchokera pamwamba pa Kachisi, ngakhale woyesayo anamutchulira Malembo. Tinaona kuti chimene tinali kuchitcha chikhulupiriro chinali kufuna kufika msanga, ndi kufuna kukasimba nkhani yokoma kwathu.

Njira ina inalipo, koma yozungulira. Tinayenera kubwerera, kulowera ku Benga, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014, kulowa mumzinda wa Tete, ndi kuwolokanso Zambezi yemweyo pa mlatho wakale wa Samora Machel kuti tifike ku Matundo ndi ku Chingodzi. Kuti tidumphe mtsinje waung'ono, tinayenera kuwoloka mtsinje waukulu kawiri. Dalaivala anayang'ana mulingo wa mafuta napukusa mutu, chifukwa njira imeneyi inali kudya mafuta obwererera. Tinaima pambali pa msewu, tinavula zipewa ndi kupemphera, osapempha kuti madzi agawanike, koma kuti mitima yathu ivomere njira yaitali.

Magalimoto onse anali atathira njira yomweyo, ndipo mzere unali kuyenda ngati nkhono. Tili pamwamba pa mlatho wa Kassuende, tikuyang'ana Zambezi atatambalala pansi pathu, tinakumbukira Eksodo 13:17-18. Aisrayeli potuluka m'Ejipito, njira ya ku dziko la Afilisti inali yaifupi, koma Mulungu anawazungulitsa njira ya kuchipululu, podziwa zimene mitima yawo sikanatha kupirira. Kale tinali kulalikira ndimeyi ngati mbiri chabe. Tsiku limenelo tinaiyenda ndi thukuta.

Tinafika ku Chingodzi dzuwa likulowa. Makoma a tchalitchi anali ndi mzere wa matope wofika m'chiuno, ndipo mabuku a nyimbo anali atayanikidwa pa mabenchi. Abale anatilandira ndi nyimbo ngakhale ambiri anali ndi zovala zokhazo zimene anathawa nazo. Thumba lililonse linafika louma. Pogawa nyemba zija tinawauza za mayi amene anazipereka, ndipo amayi angapo analira. Katundu wathu sanathetse mavuto awo. Anali chakudya cha masiku ochepa. Koma mtumiki wina wa kumeneko anatiuza kuti chimene chinawalimbitsa n'chakuti anthu a kumapiri anawakumbukira. M'mawa mwake, ife osapempha, anthu omwewo amene anataya zonse anasonkha ndalama zapang'ono za mafuta athu obwererera. Tinachita manyazi kulandira, koma tinakumbukira mawu a mayi wamasiye uja.

Abale, ambiri mwa inu muli pa gombe la mtsinje wina lero: mwana amene akufuna ndalama za sukulu, matenda osadziwika mathero ake, munda umene simudziwa ngati udzabereka, kapena maitanidwe a ntchito ya Ambuye amene mukuwazengereza. Mlaliki 11:4 amatichenjeza kuti wodikira nyengo yabwino sadzafesa konse. Tikanadikira kuti tidziwe njira yonse, sitikananyamuka pa Ulongwe. Koma titanyamuka, tinaphunziranso kuti kukhulupirira Mulungu si kulumphira m'bwato lililonse limene laima patsogolo pathu. Nthawi zina chikhulupiriro chimati nyamuka. Nthawi zina chimati bwerera, zungulira, mvera mkulu amene ali pambali pako. Ponse pawiri wotsogolera ndi mmodzi.

Tipitirize kupempherera abale athu okhala m'mbali mwa Revubwe ndi Zambezi nyengo iliyonse ya mvula. Yehova amene amasunga kutuluka ndi kulowa kwa anthu ake akhale nanu m'njira zanu zonse, zazifupi ndi zazitali zomwe.