Timatabwa Tisanu ta Chomenyera Tenisi

Zimene zimandipsetsa mtima ndi zomenyera tenisi ya pa tebulo zomwe aphunzitsi amabwera nazo kuchokera ku Chipata kapena ku Lusaka, ziwiriziwiri m'kapulasitiki konyezimira, timipira titatu pakati. Zikafika kuno ku Chama n'kulawa dzuwa la mu Okutobala, labala amayamba kumatuka m'mphepete. Mvula ikagwa mu Disembala, thabwa limapindika. Zikatero amabwera nazo kwa ine kuti ndikonze. Ndikachotsa labala, m'katimo ndimapeza pulaiwudi yomwe ija timakhomera kumbuyo kwa kabati.

Ine ndine kalipentala. Chimene chimandidyetsa ndi zitseko, madesiki ndi mabokosi a maliro. Zomenyera ndimapanga chifukwa ndimazikonda, ndipo ndinganene mosaopa kuti zanga zimatha zaka zambiri zili zowongoka.

Malamulo a ITTF, bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, amati magawo 85 pa 100 alionse a kukhuthala kwa thabwa akhale mtengo weniweni. Makampani amalowetsa kaboni pa kampata kotsalako kuti mpira uzithamanga. Zimenezo n'za akatswiri ngati Quadri Aruna wa ku Nigeria, amene anafika m'gulu la anthu 8 omaliza pa Olimpiki ya ku Rio mu 2016. Mwana wa sekondale amene akufuna kudziwa zonse, kutchinga pafupi ndi tebulo, kudula mpira, kuuzunguliza ndi kuumenya mwamphamvu mpata ukapezeka, amafunika thabwa la mtengo wokhawokha. Kampira kamalemera magalamu 2.7 okha. Kakagunda kaboni kamachoka dzanja lisanamve kanthu, pomwe thabwa la mtengo limagonjerako pang'ono, kampira n'kukhalapo kamphindi, dzanja n'kudziwa ngati lamenya pakati kapena m'mphepete.

Chomenyera chotchuka cha mtundu umenewu ndi Allround Classic, chimene kampani ya Stiga ya ku Sweden inatulutsa mu 1967. Ndi timatabwa tisanu tomatidwa pamodzi, ta limba kunja ndi ta ayous m'kati. Mitengo yonse iwiriyi imamera ku Africa konkuno, m'nkhalango za ku Cameroon, Ghana ndi mayiko oyandikana nawo. Imakwera sitima kupita ku Ulaya, n'kubwerera ili pa mtengo woti sukulu ya kwa Kambombo kapena kwa Tembwe singakwanitse.

Kuno limba kulibe, ndiye ndimasankha pa imene tili nayo. Tsanya wadzaza m'chigwa cha Luangwa, koma muiwaleni: amamira m'madzi, amabunthitsa puleni, ndipo mkono wa mwana ungatope masewera asanafike pa 11. Mlombwa, umene ambiri kuno timati mukwa, ndimausungira chogwirira, chifukwa thukuta siliuwononga. Kunja ndimaika mbawa. Pakati ndi malo a malaina, ndipo za malaina ndikhoza kulankhula mpaka kucha. Akalipentala anzanga amaunyoza kuti ndi mtengo wa mabenchi a ku tchalitchi. N'zoona kuti umachedwa kuuma, ndipo wopupuluma akaucheka uli ndi madzi m'kati amalira. Koma ukauma wauma. Supindika, sung'aluka wamba, ndi wopepuka, ndipo guluu amaugwira bwino. Ine ndimakonda wa zitseko zakale zogumulidwa, umene waona kale chilimwe ndi dzinja kwa zaka zambiri.

Kucheka ndi kudula mozungulira aliyense wogwira sowo amadziwa. Povuta ndi pa kupyapyalitsa. Thabwa lonse lisapitirire mamilimita 6. Kapakati ka malaina kamatenga pafupifupi theka, tiwiri totsatira timachepa, ndipo ta mbawa takunja sitifika ngakhale milimita imodzi. Makina opala amene alipo m'tauni amangonyenya kathabwa kotere. Ndimakamatiza pa thabwa lina losalala n'kumapala ndi puleni pang'onopang'ono, kenako sandipepala wokulungidwa pa chidutswa chowongoka.

Apa ndi pamene ndimakumbukira adada amene anandiphunzitsa ntchito ku Lundazi. Tenisi sanasewerepo, ndipo akanaona ndikutayira nthawi pa kanthu kochepa chonchi akanandiseka. Anali munthu wosalankhulalankhula. Nditangofika sanandilole kukhudza thabwa, ntchito yanga inali kunola mpeni wa puleni basi. Ndikawapatsa, ankaudutsitsa pamkono pawo. Ukapanda kumeta cheya, ankangondibwezera osanena kanthu n'kupitiriza kumwa tiyi. Mamita analibe nawo chidwi, ankakhulupirira zala ndi maso. Iwo ndi amene anandionetsa kunyamula kathabwa kopyapyala n'kukayang'anitsa ku dzuwa: pamene pakuwala kwambiri ndi pamene wapala mopitirira. Ankati, "Mwana wanga, thabwa silinama, wonama ndi mmisiri." Masana tinkadya nsima m'mbale imodzi pamwamba pa benchi yogwirira ntchito, ndipo wotaya msomali ankaufunafuna mu utuchi mpaka aupeze. Ndikamapala mbawa lero, njira yake ndi yomwe ija ya dzuwa.

Posanjikiza, mitsempha ya timatabwa iyenera kupingasana. Kapakati ndi takunja tiyang'ane kumene kuli chogwirira, tiwiri tapakatikati tigone mopingasa. Mbali zonse ziwiri zifanane ndendende, apo ayi mbali yokhuthala idzakoka inzake. Guluu woyera wa matabwa ali ndi madzi, choncho ndimapaka mopyapyala kwambiri. Wochuluka amalemeretsa thabwa n'kuliumitsa, kumva kuja n'kutha. Kenako ndimapanikiza pakati pa matabwa awiri osalala ndi jeke ya galimoto, n'kuzisiya masiku angapo pamthunzi. M'miyezi ya mvula sindimata n'komwe. Wofuna chomenyera mu Febuluwale adikire mpaka Meyi.

Chikauma, ndimachigwira pa chogwirira ndi zala ziwiri n'kugwetserapo kampira. Kulira kwa pamwamba kukusonyeza kuti thabwa ndi lolimba kwambiri ndiponso lothamanga. Kulira kotsikirako, kodzaza bwino, ndiko ndimafuna. Chikalira mogwedera, guluu sanagwire penapake, ndipo chimenecho sindigulitsa. Pa sikelo chizikhala pakati pa magalamu 80 ndi 90 labala asanamatidwe.

Makasitomala ndiwo amanditopetsa. A hedi amabwera, n'kuchinyamula, n'kunena kuti, "A kalipentala, chapepuka kwambiri ichi, simungatipangire cholimba?" Kwa iwo kulemera ndiye kulimba. Ena amafuna ndipake vanishi wambiri kuti chiziwala. Ine ndimapaka kamodzi kokha, mopyapyala, pofuna kuti mbawa isadzasendeke posintha labala. Vanishi wambiri amapha thabwa. Ndikatchula mtengo, amandikumbutsa kuti ku Chipata ziwiri amagula motchipa, timipira n'kuikirapo, osawerengera kuti chaka chilichonse amagula zina. Ena amalonjeza kuti adzalipira akakolola mpunga. Mpunga wa ku Chama ndi wonunkhira, sindiukana, koma wogulitsa guluu safuna mpunga.

Chimene sindipanga ndi labala. Ameneyo ndimaitanitsa ku Lusaka, wakuda mbali imodzi, wofiira mbali inayo, ngakhale kuyambira mu 2021 malamulo amalola mitundu ina yowala m'malo mwa wofiira. Kwa wophunzira ndimasankha wa siponji yofewa ndiponso yosakhuthala kwambiri, n'kumata ndi guluu wa madzi, chifukwa guluu wakale wonunkha analetsedwa mu 2008. Guluu womatira matayala a njinga musayerekeze. Labala akatha, mubwere nacho ndidzachotse ndekha, chifukwa mukasenda motsatira mitsempha mudzazula mbawa yanga.