Dzina la M'kaseti

Anzanga akukoleji amandiseka akaona katoni yomwe ndimasunga kunsi kwa bedi. M'katonimo muli ma Game Boy atatu, omwe imodzi yokha ndiyo imayaka, komanso makaseti amagemu khumi ndi anayi. Iwo amati munthu wazaka 22, wophunzira zilankhulo, sayenera kutaya ndalama zaufa pa zidole zakale. Sindiwayankha chifukwa nkhani yake ndi yaitali.

Kwathu ndi ku Chintheche m'boma la Nkhata Bay, komwe kuyambira kalekale amuna akhala akupita ku Joni kukafuna maganyu. Bambo anga nawonso adapita. Pa Khirisimasi ya 2011 adabwera ndi mabulangete, wailesi ndi kamakina kotuwa komwe adagula pamsika wa katundu wakale ku Johannesburg. Kanali ka Game Boy, komwe kampani ya Nintendo ya ku Japan idatulutsa mu 1989. Choncho pofika m'manja mwanga kanali katakalamba kale. Kankadya mabatire anayi, ndipo akatha mphamvu tinkawayanika padzuwa pokhulupirira kuti atsitsimuka.

Kaseti inali imodzi yokha, ya The Legend of Zelda: Link's Awakening ya mu 1993. Gemuyi imafuna kuti wosewera alembe dzina lake asanayambe. Bambo adalemba ADA, momwe timaitanira bambo m'Chitonga, ine n'kulemba langa pamzere wachiwiri. Madzulo tinkakhala pamchenga, asodzi akukonza nyali zokaphera usipa, iwo akundimasulira Chingerezi cha m'gemumo. Mawu ambiri Achingerezi ndidayambira kuwadziwira pamenepo osati m'kalasi.

Paja chakudza sichiimba ng'oma. Bambo adabwerera ku Joni, ndipo mu 2014 adamwalira komweko atadwala kwa nthawi yochepa. Zovala zawo abale adagawana. Kamakinako palibe yemwe adakafuna.

Kusonkhanitsaku kudayamba mwangozi. Batani limodzi litasiya kugwira, ndidayamba kufunafuna kamakina kena koti ndichotseko zipangizo. Ndinkapapasa milu ya zidole zapakaunjika tsiku lamsika, ndipo ndikamva kuti mzungu wina wogwira ntchito kumalo ogona alendo ku Kande akubwerera kwawo, ndinkathamangirako kukaona katundu yemwe wayala pakhonde. Anthu ankalimbirana mapoto ndi matilesi, ine maso ali pakabokosi kazinyalala.

Chidandidabwitsa n'chakuti makaseti ena ankabwera ndi mayina a eni ake oyamba. Mwana wina wakutali, yemwe mwina lero ali ndi ana akeake, adasiya gemu yake pakati, dzina lake n'kuwoloka nyanja m'belo la kaunjika mpaka kudzafika ku Chintheche. Sindinafufutepo dzina ngakhale limodzi. Ndimaona ngati kutero n'kulima pamanda a eni.

Mu 2023 ndidatengera kaseti ya bambo kwa mkulu wina wokonza mafoni ku Mzuzu kuti aitsuke. Ataitsekula adandionetsa kabatire kozungulira ngati kandalama.

“Achimwene, mayina anuwa akusungidwa ndi aka,” adatero. “Kakadzatha mphamvu adzafufutika. Ndikakachotsa kuti ndiike kena, afufutikanso pompano. Ndipange bwanji?”

Ndidawauza kuti angoitseka. Kabatireko kadali katagwira ntchito zaka pafupifupi makumi atatu, kupitirira nthawi yomwe kamayembekezeka kukhala.

M'kalasi timaphunzira kuti mawu olankhulidwa amauluka koma olembedwa amakhalitsa. Kaseti iyi yandiphunzitsa kuti zolembedwa nazonso zimafuna wozidyetsa. Bambo sadasiye kalata ngakhale imodzi, chifukwa tinkalankhulana pafoni. Zilembo zitatuzi ndizo zokha zomwe adalemba ndi zala zawo zomwe ndili nazo.

Tchuthi chathachi ndidawaonetsa amayi. Adayandikitsa kagalasi kobiriwirako kumaso, n'kukhala chete kwa kanthawi.

“Ndiye akhala ali momwemu zaka zonsezi?” adafunsa.

Ndidavomera. Adakapukuta ndi nsonga ya chitenje chawo, n'kundiuza kuti ndisamakasunge pansi chifukwa kunyanja kuno chinyezi chimadya zitsulo.

Ndidajambula dzinalo pafoni, koma chithunzi si chimodzimodzi. Loweruka lililonse ndimaika mabatire anayi atsopano, n'kuyatsa, mtima uli m'mwamba. Mpaka lero ADA akadali pamzere woyamba, ine pansi pawo.