Ku Granada, Kwao kwa Nkhoswe ya Anamwino

Ku dziko la Spain, patsinde pa mapiri a Sierra Nevada, amene nsonga zake ziyera mbuu ndi chipale m'nyengo yachisanu, kuli mzinda wa Granada. Mtsikana wopita kukaphunzira unamwino kumeneko akhalako zaka 4 kutali ndi mai wake. Chomsautsa choyamba si mankhwala ai, koma chinenero; pakuti wodwala anena zowawa zake m'Chisipanishi, ndipo namwino wosamva adzamthandiza bwanji?

Koma tisataye mtima. Yohane Woyera wa Mulungu nayenso anali mlendo mumzindamo, wobadwira ku Portugal m'chaka cha 1495. Iye ankatola odwala m'miseu, nawabereka kumsana, nayenda usiku ndi dengu kupempha chakudya chao, kufikira anamwalira pa 8 Malichi 1550. Mafupa ake agona komweko m'tchalitchi cha dzina lake, ndipo m'chaka cha 1930 Papa Pius XI anamuika nkhoswe ya anamwino.

Tsono ife makolo, mwana wathu akapita kutali chotero, tisamlire monga wotayika. Timlembere makalata, timtchule pa Korona madzulo onse. Pakuti aponda m'mapazi a mlendo mnzake.