KOTA INATHA, KOMA KODI MPIKISANO WALUNGAMA?

Mwana aliyense wa Fomu 4 akamalowa m'chipinda cholembera mayeso a MSCE amakhala ndi nkhawa ziwiri. Yoyamba ndi yakuti akhoze, ndipo iyi ili m'manja mwake. Yachiwiri ndi yakuti asankhidwe kupita ku sukulu ya ukachenjede, ndipo iyi ili m'manja mwa anthu amene sadzawaona ndi maso, omwe amakonza malamulo a kasankhidwe. Ine ndili mu Fomu 3 ndipo chaka chamawa nkhawa zimenezi zidzakhala zanga. Nchifukwa chake ndafuna kuti tikambiraneko za malamulowa.

Tiyambe ndi mbiri pang'ono. Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, chaka chomwe tinalandira ufulu wodzilamulira, ndipo maphunziro anayamba mu 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre. Mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Zomba. Kwa zaka zoposa 30 dziko lonse linali ndi yunivesite imodzi yokhayi, mpaka pamene ya Mzuzu inatsegulidwa mu 1999. Malo anali ochepa, ofuna malowo anali ambiri, ndiye funso linabuka lakuti alowe ndani, atsale ndani.

Mu 1987 boma la Dr Kamuzu Banda linayankha funsoli pobweretsa njira ya kota, yosankha ophunzira potengera boma lochokera. Ophunzira ena anakadandaula ku khoti, ndipo mu 1993 Khoti Lalikulu linagamula mowakomera, njirayi nkuleka. Koma mu 2009, pa nthawi ya Pulezidenti Bingu wa Mutharika, inabwereranso ndi dzina latsopano lakuti kugawana malo mwachilungamo. Boma lililonse linkapatsidwa malo 10 otsimikizika, ndipo pogawa otsalawo ankayang'ananso kuchuluka kwa anthu m'maboma. Mu 2020 boma linalengeza kuti kota yatha, ndipo kusankha kudzitengera mmene mwana wakhozera.

Amene ankaikira kumbuyo kota sanali opanda mfundo. Iwo ankati madera ena analandira sukulu msanga kuposa ena. Mwachitsanzo, amishoni a Livingstonia anatsegula sukulu yawo yaikulu ku Khondowe mu 1894, pamene maboma ena anakhala zaka zambiri opanda sekondale ndi imodzi yomwe. Ankafunsa kuti kodi maboma otsalirawo adzawapeza kuti madokotala ndi aphunzitsi awo? Funso limeneli ndi labwino, koma yankho lake linali lolakwika, ndipo ife ana a m'tauni ndife mboni.

Ine ndinabadwira ndi kukulira ku Kawale mu mzinda wa Lilongwe. Bambo anga kwawo ndi ku Karonga, mayi anga kwawo ndi ku Ntcheu. Ku Karonga ndinapitako kawiri kokha, ndipo maulendo onse awiri anali a maliro. Pa mdadada wathu pali banja la ku Mangochi, la ku Thyolo ndi la ku Nsanje. Ana a m'mabanja onsewa tinkatunga madzi pa mpopi umodzi, tinkasewera mpira wachikulunga pa bwalo limodzi, ndipo ku pulayimale tinkakhala pansi m'kalasi imodzi ya ana opitirira 100. Kota ikanakhalapo lero, pa tsiku losankha akanatigawa ngati nyemba zosiyana mitundu: uyu wa ku Karonga, uyu wa ku Thyolo. Mwana wokhoza bwino akanatha kutsala, mnzake wokhoza pang'ono nkutengedwa, chifukwa cha mudzi wa agogo umene onse awiri sakuudziwa. Ku Biwi, ku Area 23 ndi ku Area 25 nkhani ndi yomweyo. Choncho kutha kwa kota ine ndinakondwera nako, ndipo sindifuna kuti idzabwerenso.

Komabe akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mawu akuti wokhoza bwino ndiye apite ndi okoma kuwamva, koma tiyeni tiung'ambe mkuyuwo tione m'kati.

Kuti mwana aganiziridwe ku yunivesite ya boma amafunika kukhoza bwino maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo mapointi akachepa ndiye kuti wakhoza kwambiri. Bungwe la NCHE, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndilo limayendetsa kasankhidweka. Mayeso ndi amodzi a MANEB kwa ana onse. Koma kodi anawa amafika pa mayesowo atayenda njira imodzi?

Mu 1994 boma linathetsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ana amenewa atafika pa msinkhu wa sekondale malo sanakwane, tsono mu 1998 malo amene kale anali ophunzirirako maphunziro a m'makalata anasandutsidwa masukulu oyendera a CDSS. Ana ambiri a sekondale m'dziko muno amaphunzira m'masukulu amenewa, koma pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite maina awo amakhala ochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwawo.

Achemwali anga ndi mmodzi wa ana amenewa. Anaphunzira pa CDSS ina ya m'tauni momwemo, ndipo khumbo lawo kuyambira ali wamng'ono linali la unamwino. Pa zaka zinayi zonse sanalowepo mu labotale, chifukwa pa sukulupo inalibe. Zimene zimachitika ukasakaniza mankhwala awiri ankaloweza kuchokera pa bolodi ngati katekisimu. Buku la Biology linali limodzi pa ana ambiri, ndipo linkagona kwa aphunzitsi. Akaweruka ankathandiza mayi kugulitsa tomato ndi usipa pa msika, kenako nkuwerenga usiku ndi tochi magetsi akazima. Mayeso anakhoza, koma mapointi awo sanafike pamene pamafunika, ndipo dzina lawo silinatuluke. Pano akubwereza Fomu 4 pa sukulu ya madzulo. Ine ndimawadziwa bwino: pa masamu amandiposa, ndipo ndikapita ku tchuthi ndi iwo amene amandithandiza.

Tsono taonani ife kuno ku seminale. Belu limatidzutsa, belu limatiitanira ku chakudya katatu pa tsiku, belu limatilowetsa ku sitade madzulo. Tili ndi labotale, tili ndi nyumba ya mabuku, ndipo aphunzitsi amatidziwa aliyense ndi dzina lake. Zotsatira zikatuluka anthu amati aseminale ndi anzeru. Sindikukana kuti timalimbikira, koma mnyamata wa ku Mgona kapena ku Chinsapo, amene amayenda wapansi mtunda wautali m'mimba muli pululu, akapeza mapointi 20 ine nditapeza 12, ndani wa ife awiri wagwira ntchito yaikulu? Kota inkafunsa mwana kuti kwanu nkuti. Njira ya lero siifunsa, koma mwakachetechete imasankhabe potengera sukulu imene makolo anatha kumupezera.

Ambuye Maepiskopi athu anaiona nkhaniyi kalekale. M'kalata yawo ya nyengo ya Lenti imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, yomwe ambiri amaikumbukira pa nkhani za ndale zokha, analankhulamonso za maphunziro. Anadandaula za kuthithikana kwa ana m'makalasi ndi kuchepa kwa aphunzitsi, ndipo anapempha kuti njira zosankhira ana ku sekondale ndi ku makoleji zikhale zodziwika kwa onse, zosadalira amene mwana akumudziwa kapena ndalama zimene ali nazo. Papita zaka zoposa 30 koma pempho limeneli silinakalambe.

Sindikunena kuti palibe chimene chachitika. Mu 2006 Mpingo unatsegula Yunivesite ya Katolika ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Koleji ya Bunda inaima payokha mu 2012 nkukhala LUANAR. Ku Thyolo kunatsegulidwa MUST mu 2014. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu: Polytechnic inakhala MUBAS, makoleji a udokotala ndi unamwino anakhala KUHeS, ndipo ya ku Zomba inatsala ndi dzina lakale. Malo awonjezekadi. Koma chaka ndi chaka oyenera kulowa amaposabe malo amene alipo, ndipo kusintha dzina pa chipata sikuwonjezera mipando m'kalasi.

Maganizo anga ndi awa. Choyamba, kukonza maphunziro a ukachenjede kuyambire ku CDSS, pakuti mmera mpoyamba. Sukulu imene ilibe labotale ndi mphunzitsi wa sayansi yatsekera kale ana ake khomo la udokotala, unamwino ndi uinjiniya iwo asanalembe nkomwe mayeso. Chachiwiri, ngati osankha afuna kuganizira otsalira, ayang'ane mtundu wa sukulu imene mwana waphunzirako ndi umphawi wa pakhomo pake, osati boma la makolo ake. Mwana wa bwana wa ku Area 10 ndi mwana wa mlonda wa ku Mgona akhoza kukhala a mudzi umodzi ku Dowa, koma zosowa zawo si zimodzi. Chachitatu ndi ngongole. Mu 2015 kunakhazikitsidwa bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite, ndipo lakhala likudandaula kuti ambiri amene anaphunzira ndi ndalama za boma sabweza. Amene akukana kubweza ali pa ntchito yabwino adziwe kuti ndalama imene akusungayo ndi fizi ya mwana wina amene wasankhidwa koma akulephera kupita.

Kwa inu makolo, mukamva zotsatira pa wailesi musafulumire kunena kuti mwana wa pa CDSS ndi waulesi. Muyambe mwapita kukaona pamene amaphunzirira. Kwa inu ansembe athu, maholo a m'maparishi ambiri a m'tauni amakhala otseka pakati pa sabata, chonsecho ali ndi magetsi ndi mabenchi. Kodi sangakhale malo owerengera ana a Fomu 4 madzulo? Ndipo kwa ife aseminale anzanga, tonse tikudziwa kuti si tonse amene tidzafike ku Kachebere. Ena mwa ife adzakapikisana ndi ana a ku Chinsapo pa malo omwewo a ku yunivesite, ife titanyamula zonse zimene talandira kuno. Tchuthi chikubwerachi tisasiye manotsi ndi mapepala a mayeso akale m'sutikesi. Tipite nawo kwathu, tikakhale pansi ndi anzathu a pa mdadada, tikawerengere limodzi, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.