Mlendo ndi Mapepala Ake a Msonkho

Makolo athu ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma a msonkho mwambi umenewu saulabadira. Munthu akakhala muno m'Zambia masiku opitirira 183 pa chaka, lamulo limamuwerenga ngati mwini mudzi, kaya anachokera ku Dedza, ku Tete kapena ku Lubumbashi. Ngakhale wokhala masiku ochepa, malipiro amene walandira muno amadulidwa ndithu.

Nkhani ya msonkho ndi yakale kuno ku Migodi. Ambiri mwa makolo athu anasiya makasu ku Nyasaland ndi ku Fort Jameson kudzafuna ndalama ya msonkho. M'chaka cha 1935, boma la atsamunda litakweza msonkho, anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya ananyanyala ntchito, ndipo ku Luanshya anthu asanu ndi mmodzi anawomberedwa. Bambo anga, amene anabwera ku Nkana pambuyo pake, ankasunga chitupa ndi malisiti m'kachitini kotseka bwino. Ife ana sitinkaloledwa ngakhale kukakhudza.

Lero zinthu zinasintha, koma pepala likadali mboni. Bungwe la Zambia Revenue Authority, limene linakhazikitsidwa mu 1994, limalandira msonkho wa anchito kudzera mwa owalemba ntchito, amene amadula mwezi ndi mwezi m'njira yotchedwa PAYE. Kale chaka cha msonkho chinkayamba mu Epulo ndi kutha mu Malichi. Kuyambira 2013 chimayamba mu Januwale ndi kutha mu Disembala. Mu 2024, K5,100 yoyamba ya malipiro a pamwezi sinkadulidwa, pamene pa gawo lapamwamba la malipiro ankadula K37 pa K100 iliyonse.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Msonkho weniweni umawerengedwa pa chaka chathunthu. Munthu amene ntchito yamuthera pakati pa chaka angapezeke kuti anadulidwa zopitirira muyeso, ndipo ali ndi ufulu wopempha kuti am'bwezere. Mwini dziko angathe kulondola zimenezi pang'onopang'ono. Nanga mlendo? Ntchito ikatha, chilolezo chake chogwirira ntchito nacho chimatha, ndipo mtima umakhala uli kale pa basi ya kwawo.

Mu mphakati wathu ku Kitwe tinali ndi mmisiri wa magetsi wochokera ku Malawi, munthu wa ana asanu. Ntchito inamuthera mwezi wa Juni. Atapita kukafunsa za ndalama zake, anapeza kuti kampani inkadula msonkho koma inalemba molakwa nambala yake ya TPIN, kotero kuti pa dzina lake panalibe kanthu. Mapepala a malipiro akanamuchitira umboni, koma kunyumba anali atakolezera mbaula. Anapita osalandira ngwee, chonsecho mwana wake wamkulu anali kudikira ndalama ya sukulu. Mnzake wa ku Ndola, amene ankasunga pepala lililonse monga bambo anga, anadikira miyezi ingapo koma analandira zake.

Choncho abale anga alendo, Disembala asanakupezeni, sonkhanitsani mapepala a malipiro a miyezi yonse. Onani ngati dzina ndi TPIN zikugwirizana ndi zimene zili pa pasipoti ndi kwa a msonkho. Pemphani kwa okulembani ntchito kalata yosonyeza malipiro ndi msonkho wa chaka chonse, ndipo muziipempha musanatsazike. Pamene simukumvetsa, funsani ku ofesi ya msonkho; safunsa anadya phula.

Kwa inu olemba ntchito, ndalama imene mwadula pa thukuta la munthu si yanu, mwangosungizidwa. Zakeyo, mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, sanaonetse kutembenuka mtima ndi mawu okha ayi, koma analonjeza kubweza kanayi zimene analanda. Inu simukupemphedwa kanayi. Perekani zimene mwadula pa dzina loyenera, ndipo mlendo pochoka mum'patse mapepala ake onse m'manja.